Mutu 8: Katoni ya Sopo

1. Nachikwama

M'ndende ya amayi ija munalibe yemwe ankadziwika ndi dzina la pa chiphaso chake. Mtsikana uyu ankamutchula kuti Nachikwama, chifukwa chikwama ndicho chinamufikitsa kumeneko.

Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi pamene anatsika ndege m'dziko lachilendo, atalonjezedwa ntchito yoluka tsitsi ku saluni. Bambo amene anamugulira tikiti anamupempha kuti anyamuleko chikwama cha mnzake. Pabwalo la ndege galu wa apolisi anachinunkhiza chikwamacho n'kukhala pansi. Atang'amba nsalu ya mkati anapezamo mankhwala ozunguza bongo. Khoti linamugamula zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo chimodzi chinali chitatha.

Chilankhulo cha dzikolo ankachidziwa mwapatalipatali: kupempha madzi, kuyankha nambala yake, ndi kutukwana pang'ono. Mwa akaidi mazana atatu, wa kwawo anali mmodzi yekha, mayi wojintcha amene ankayang'anira chipinda chochapira zovala. Mayiyu anali atakhalamo zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ankafuna kuti aliyense aziwatchula kuti Azakhali. Akaidi a mayiko ena ankalilumaluma dzinalo osadziwa n'komwe tanthauzo lake.

Azakhali ndiwo anamulandira tsiku loyamba. Anamupatsa bulangete lachiwiri, anamuuza asilikali oyenera kuwazemba, ndipo ataona kuti mwanayo sakudya, akungolira, anamuikira kam'bulu koyera m'dzanja.

"Meza, mwana wa mchimwene wanga, mtima ukhale m'malo."

Kam'bulu kamodzi kanasanduka tiwiri, kenako tinayi pa tsiku. Pomatha miyezi isanu ndi umodzi Nachikwama ankaluka tsitsi la Azakhali, kuwawenga zikhadabo ndi kuwatsukira mbale, kuopa kuti angamumane mapiritsi.

Chimene chinasintha zinthu anali sopo. Lachitatu lililonse kunkabwera amayi atatu a mpingo wina wa mumzindamo kudzacheza ndi akaidi ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Ankakumana m'kaholo ka pafupi ndi khitchini, ndipo pomaliza aliyense ankalandira sopo ndi mapadi. Nachikwama anapitako chifukwa cha sopoyo, osati mapemphero. Koma tsiku limenelo mtsogoleri wa amayi aja, mayi wachikulire woyenda motsimphina, anapunthwa pakhomo n'kudandaula m'chilankhulo cha kwawo kwa Nachikwama. Mtsikanayo anangozindikira wayankha kale kuti, "Pepani, amayi."

Anayang'anana. Kuyambira tsiku limenelo sanajombenso.

Mayiyu onse ankawatchula kuti Anesi, popeza kale anali namwino. Ndiwo anakambirana ndi achipatala cha m'ndendemo kuti amuthandize Nachikwama kusiya mapiritsi pang'onopang'ono. Sanali masewera. Anasanza, ananjenjemera, mafupa akuphwanya ngati wadwala malungo. Koma anapirira.

2. Chenjezo la Anesi

Gulu la Lachitatu linali la amayi khumi ndi awiri. Ankakhala mozungulira pa mipando yapulasitiki. Akapemphera ndi kuwerenga Baibulo, aliyense ankaimirira n'kunena masiku amene watha osalawa chimene chinkamugwetsa.

Lachitatu lina Nachikwama anaimirira nati, "Masiku makumi anayi."

Anamuombera m'manja. Amene anaomba kwambiri anali mayi wina wa dziko lina wotchedwa Make Mapasa. Ana ake awiri anali kumalo osungirako ana, ndipo analamulidwa kuti adzawaona pokhapokha atatha miyezi itatu akuyezedwa osapezeka ndi mankhwala m'thupi. Zinali zitamutsalira sabata zitatu.

Kenako Anesi analengeza kuti mkaidi amene ankanyamula katoni ya sopo kuchokera pachipata kufika ku holo watulutsidwa, ndiye pakufunika wina. Gulu linasankha Nachikwama.

Anzake akusanja mipando, Anesi anamuitanira pambali n'kumulankhula m'chilankhulo cha kwawo.

"Khala pansi, mwanangu, ndikuuze zanga. Ine ndinabwera m'dziko muno pa ndege ngati iwe, koma ndinabwera ndi mapepala a unamwino. Ndinagwira ntchito zaka khumi ndi ziwiri pachipatala chachikulu. Anandikhulupirira mpaka kundipatsa makiyi a kabati ya mankhwala oletsa ululu. Tsiku lina msana unandithyoka ponyamula wodwala. Ndinatenga m'bulu umodzi. Ndinkati ndine namwino, mlingo wake ndikuudziwa. Patatha zaka zitatu ndinkapatsa odwala timibulu ta mutu wamba, mankhwala awo enieni n'kumamwa ndine. Gogo wina ankabuula ndi ululu wa khansa, ine ndili pambali pake ndikumusisita dzanja, mankhwala ake ali m'mimba mwanga. Ndinagona muno zaka ziwiri, chipinda chachinayi, bedi la pansi pafupi ndi chimbudzi. Potuluka ndinapeza bambo a kunyumba atapeza wina, ana anga akundipatsa moni ngati mlendo.

"Ndiye imva. Masiku makumi anayi ndi ambiri, koma ndi pamene munthu amayamba kudzimva. Ine sunandigwetse umphawi, sanandigwetse anzanga oipa. Anandigwetsa makiyi. Lero nawe takupatsa timakiyi tako. Muno mulibe chinsinsi. Pofika mawa aliyense adziwa kuti pali mkaidi mmodzi amene amayenda kuchokera pachipata mpaka kuno katundu ali m'manja. Abwera kwa iwe. Sabwera ndi nkhope yoopsa ayi. Abwera akumwetulira, akukukumbutsa zabwino zomwe anakuchitira. Sanena kuti tiye tikalakwe. Anena kuti tangondithandizako kamodzi kokha.

"Iwe uli muno chifukwa unanyamula katundu wa munthu osamuona mkati. Paja unali mwana, sunkadziwa. Ulendo uno mawu amenewo sudzakhala nawonso. Mulungu amakhululuka, za zimenezo ine ndine mboni. Koma zaka zanga ziwiri sizinabwerere, ndipo gogo uja anamwalira akubuula."

"Ndamva, amayi," anatero Nachikwama.

"Nanga kalata imene ndinakuuza kuti ulembere mayi ako ili pati?"

Mtsikanayo anawerama. "Amayi akudziwa kuti ndili ku saluni. Chichokereni sindinawalankhule. Ndiyambira pati?"

"Uyambira pa moni, ngati kalata iliyonse. Zinazo uwauza mmene zilili."

3. M'chipinda chochapira zovala

Zinatenga masiku asanu ndi limodzi kuti mawu a Anesi apherezeke. Lachiwiri masana Nachikwama anauzidwa kuti Azakhali akumufuna.

M'chipinda chochapira munali motentha ngati mu uvuni. Makina anayi ankalira, ndipo nthunzi inkachita kuphimba mababu. Azakhali anali atakhala pa mulu wa mabulangete, akudzikupiza ndi chivundikiro cha ndowa.

"Abusa athu afika," anatero. "Tikupatseni mpando, abusa, kapena mulalikira chiimire?"

"Mwandiitana, Azakhali."

"Mwezi wathunthu tsitsi langa lili nyankhalala ngati la wamisala, mwana wanga weniweni ali pompano. Koma ndilibe nawe mawu. Bwera kuno."

Anapisa dzanja m'ndowa ya sopo waufa n'kutulutsa kanthu kokutidwa ndi pulasitiki. Inali foni yaing'ono yamabatani.

"Nambala ya mayi ako ukuikumbukira?"

Nachikwama anaikumbukira. Zala zake zinadina zokha. Foni inaitana katatu.

"Halo?" Anali mawu a mayi ake, otopa, wailesi ikumveka chapatali. "Halo, ndani kodi?"

Asanatsegule pakamwa, Azakhali anailanda foni ija n'kuidula.

"Zotsalazo mawa," anatero. "Mphindi khumi. Ukafuna, sabata iliyonse."

Mtsikanayo anaitsatira foniyo ndi maso.

"Ntchito yake ndi yochepa," anapitiriza Azakhali. "Mawa katoni ija akaisecha pachipata, aisiya m'kachipinda podikira kuti amayi ako opemphera aja nawo asechedwe. Pamenepo Makiyi awonjezeramo sopo wake. Iwe suona kanthu, sugwira kanthu. Podutsa pakhomo pano ungotula katoni pansi, ukonze nsapato yako, n'kunyamulanso. Basi."

Makiyi anali msilikali wamkazi wa pachipata. Dzinalo analipeza chifukwa cha mpukutu wa makiyi umene unkalira m'chiuno mwake akamayenda.

"Nanga akagwira?" anafunsa Nachikwama.

"Agwira ndani? Ndipo akagwira, katoni ndi ya ndani, yanga? Nkhalamba ija ndiyo ikayankhe."

"Mapiritsiwo akupita kwa yani?"

Azakhali anaseka. "Kwa odwala. Ukuganiza kuti oyera mtima anzako aja sabwera kuno? Make Mapasa wafika kawiri sabata ino, akuchita kugwada. Ndamulonjeza mawa."

"Zamutsalira sabata ziwiri kuti aone ana ake."

"Ana ndi ake, si anga." Azakhali anasiya kudzikupiza. "Tamvera, mwana wa mchimwene wanga. Amayi ako aja amabwera maola awiri pa sabata. Akatero amakwera basi kupita kwawo, kukagona pa matiresi abwino. Ine ndili nawe muno dzuwa lituluke, lilowe. Tsiku lomwe unafika unali ngati kamwana ka nkhuku konyowa ndi mvula. Anakufunditsa ndani? Anakumasulira ndani kwa dokotala? Pamene akazi a chipinda chachisanu ankafuna kukuvula nsapato, anaima pakati ndani? Nthawi imeneyo abusa ako anali kuti? Zatsala zaka zisanu, mwana iwe. Zaka zisanu si masiku makumi anayi. Ndaona atsikana ochenjera kuposa iwe akuiwala kumene achokera. Wina anaterereka pamasitepe. Wina anapsa ndi madzi a m'makina omwewa. Ngozi sizisowa muno. Sindikukuopseza ayi, ndikukulangiza ngati munthu wa kwanu."

"Ndamva, Azakhali."

Anali mawu omwewo amene anayankha Anesi.

4. Pakati pa bwalo

Lachitatu nthawi itatsala pang'ono kukwana teni koloko m'mawa, Nachikwama anafika pachipata. Makiyi anamutsegulira kachipinda n'kuloza katoni ndi chibwano, osamuyang'ana kumaso.

Anainyamula. Kuchokera pachipata njira inkadutsa pabwalo loyanikira zovala. Kumanzere kunali khomo la chipinda chochapira, kutsogolo holo, ndipo pamwamba panali zenera la ofesi ya mkulu wa ndende. Azakhali anali atatsamira pakhomo pawo, manja ali m'thumba la epuloni.

Nachikwama sanakhotere kumanzere. Sanapitenso ku holo. Atafika pakati penipeni pa bwalo anatula katoni pansi, nakhala pa simenti pambali pake.

Akaidi amene ankayanika mabulangete anasiya ntchito.

Makiyi anabwera mothamanga, chiuno chikulira. Anamulamula kuti adzuke. Nachikwama anayankha m'chilankhulo cha dzikolo, mawu atatu amene anawakonza kuyambira dzulo lake.

"Sindinyamula. Itanani mkulu."

Makiyi anamukoka dzanja. Mtsikanayo anakumbatira katoni. Makiyi anamuwomba mbama, koma iye anakweza mawu, akuyang'ana zenera la pamwamba lija.

"Itanani mkulu. Tsegulani katoni."

Azakhali anayandikira pang'onopang'ono, akumwetulira ngati akudzaleretsa. Anawerama n'kulankhula chapansipansi m'chilankhulo cha kwawo.

"Dzuka, mwana iwe. Ukudziwa chomwe ukuchita?"

"Ndikudziwa, Azakhali. Ulendo uno ndikudziwa."

"Mayi ako akudikira foni."

"Adikira kalata."

Apa n'kuti Anesi ndi anzawo awiri atatulukira pachipata. Zenera la pamwamba linatseguka, ndipo posakhalitsa mkulu wa ndende, mayi wamtali wa magalasi, anatsika ndi asilikali ena atatu. Makiyi anayamba kufotokoza kuti mkaidiyo wapenga, katoni yasechedwa kale. Mkuluyo anamuletsa ndi dzanja n'kulamula kuti aikhuthule.

Sopo anamwazika pa simenti, mapadi, ndi timabuku ta nyimbo. Panalibe chachilendo. Mkuluyo anatenga mpeni wa msilikali wina n'kudula sopo mmodzi pakati. Anali sopo basi. Anadula wachiwiri. Chimodzimodzi. Akaidi anayamba kuseka, ndipo Makiyi anapukusa mutu ngati munthu womva chisoni.

Nachikwama anagwada n'kuyamba kutola sopoyo mmodzimmodzi, akumugwedeza pafupi ndi khutu. Wachisanu ndi chiwiri analira ngati chisekese. Anamupereka kwa mkuluyo.

Mpeni utalowa, timibulu toyera tinakhuthukira pansi. Sopoyo anali atakumbidwa mkati n'kumatidwanso. Anapezeka anayi otero.

Kuseka kunatha. Asilikali anakankhira akaidi kumbuyo. Kam'bulu kamodzi kanagubuduzika n'kudzaima pa chala cha Nachikwama, palibe amene anakaona. Malovu anadzaza m'kamwa mwake. Anakaponda ndi nsapato n'kukapera mpaka kanasanduka ufa.

Mkulu wa ndende anafuna kudziwa kuti mtsikanayo wadziwa bwanji. Monga mwa masiku onse, anakodola Azakhali kuti amasulire.

"Ayi," anatero Nachikwama. "Awa ayi." Analoza Anesi.

Anesi anayandikira, nkhope ili gwa. Nachikwama anaimirira n'kulankhula mokweza m'chilankhulo cha kwawo.

"Auzeni kuti sopo wabwinoyu ndi wanu. Mapiritsi ndi a Azakhali. Waikamo ndi Makiyi. Ine anandiuza kuti nditule katoni pakhomo pawo, andipatsa foni ndilankhule ndi amayi anga. Ndakana."

"Ukudziwa kuti ndikanena sizibwereranso?" anafunsa Anesi.

"Nenani zonse, amayi. Musasiyeko."

Anesi anamasulira mawu onse, limodzi ndi limodzi.

5. Mphindi ziwiri

Zimene zinatsatira sizinali zimene Nachikwama ankayembekezera.

Makiyi anakana mpaka kulumbira. Azakhali anati mwanayo mutu wake unasokonekera ndi mankhwala, ndipo aliyense akudziwa. Asilikali anagudubuza chipinda chochapira chonse, koma m'ndowa muja munali sopo waufa yekha. Mkulu wa ndende analamula kuti Makiyi ayambe wakhala kunyumba, gulu la Lachitatu liimitsidwe mpaka kafukufuku atatha, ndipo ziphaso zolowera za amayi atatu aja zilandidwe. Za Nachikwama, mkuluyo anati akamutsekere m'kachipinda ka yekha masiku asanu ndi limodzi, ati pofuna kumuteteza.

Anesi anapempha mphindi ziwiri, ndipo anapatsidwa.

"Amayi, ndakutseketsani," anatero Nachikwama. Misozi imene inakana kutuluka pa mbama ija tsopano inatsika.

"Pukuta. Usalire pamaso pa anthu awa." Anesi anamugwira mapewa. "Sunatitseketse ndiwe. Ukanatula katoni ija pakhomo paja, tikanapitiriza kubwera, kuimba ndi kupemphera, tikunyamula poizoni wa ana athu omwe sabata iliyonse osadziwa. Kumeneko ndiye kukanakhala kutsekedwa kwenikweni.

"Koma ndisakunamize. Usayembekezere kuti wina akuombera m'manja. Anzako akukwiyira, chifukwa sopo watha, ndipo ena ankadikira zomwe zinali mkatimo. Ukakhala wekha m'kachipinda muja chibaba chibwera, chidzakuuza kuti taona, wachita zabwino ndiye wapindulanji? Usakangane nacho. Imirira, yenda khoma ndi khoma, imwa madzi, pemphera ngakhale mawu akhale awiri okha. Chimabwera n'kupita, sichikhalitsa. Ukatuluka usayende wekha pamasitepe, usalowe m'chipinda chochapira ngakhale akutume ndani, ndipo chakudya chopatsidwa ndi munthu m'manja usadye.

"Ife kunjaku sitigona. Tilemba makalata, tipita ku ofesi ndi ofesi mpaka atitsegulire. Kaya zitenga mwezi, kaya chaka, sindikudziwa. Koma gulu si ine, mwanangu, ndipo si holo ija. Ine ndimangobwera ndi sopo. Amene amakugwirani dzanja anali muno ndisanabwere, ndipo chiphaso chake palibe angalande."

Msilikali anagogoda wotchi yake. Anesi anatuluka akutsimphina, osacheuka.

Kachipinda ka yekha kanali ndi bedi lasimenti, ndowa, ndi kazenera kokwana dzanja. Chibaba chinabweradi, tsiku lachiwiri ndi lachitatu. Nachikwama anayenda khoma ndi khoma mpaka mapazi anatupa.

Tsiku lachinayi anamubweretsera mapepala awiri ndi cholembera kuti alembe umboni wake. Umboniwo unakwana pa pepala limodzi. Pa linalo analemba kuti, "Okondedwa amayi, ndikhulupirira muli bwino. Ine ndili moyo. Amene anaimba foni Lachiwiri lija osalankhula ndinali ine. Sindili ku saluni." Analemba mpaka pepala linadzaza mbali zonse, nalipinda n'kulibisa m'malaya.

6. Lachitatu lopanda holo

Anamutulutsa Lachiwiri. Anapeza matiresi ake atathiridwa madzi. Pamzere wa chakudya amene anali kutsogolo kwake ndi kumbuyo kwake anasiya mpata ngati ali ndi mphere. Wina anamulavulira pafupi ndi phazi. A m'gulu la Lachitatu ankayang'ana kumbali akakumana naye.

Azakhali anali akadali pa ntchito yawo, tsitsi litalukidwa bwino ndi munthu wina.

Lachitatu nthawi ya teni koloko Nachikwama anapita ku holo. Pachitseko panali loko wamkulu. Anaima pomwepo, nsana atatsamira chitseko, nayang'ana bwalo lonse. Akaidi anali pa ntchito yoyanika. Anatseka maso, anapemphera mwachidule, kenako ananena mokweza m'chilankhulo cha dzikolo, mawu akupotoka.

"Masiku makumi asanu, kudzanso anayi."

Ena anaseka. Wina anamuyeserera kalankhulidwe kake. Iye sanasunthe. Anabwerezanso.

Make Mapasa anatula beseni la zovala pansi n'kubwera molunjika, nkhope itakwinyika. Anaima pafupi kwambiri moti Nachikwama anaganiza kuti amumenya. Awiriwa ankamvana ndi mawu ochepa a dzikolo, manja akuthandizira.

"Iwe woipa," anatero Make Mapasa. "Sopo palibe. Anesi palibe."

"Palibe," anavomera Nachikwama.

"Ine ndinapempha awiri." Anaonetsa zala ziwiri, n'kuloza kuchipinda chochapira. "Ndinadikira Lachitatu. Sanabwere. Ndinakutukwana masiku atatu. Dzulo andiyeza. Mulibe kanthu."

Anatembenuka, natsamira chitseko pambali pa Nachikwama, nati mokweza, "Yatsala sabata imodzi."

Patapita kanthawi kunabwera wachitatu, gogo wina amene mowa unamuphetsa mwamuna wake. Kenako wachinayi. Enawo anangoyang'ana ali patali. Anayiwo anagwirana manja, opanda mipando, opanda buku, dzuwa likuwawotcha m'mutu. Gogo uja anayambitsa nyimbo, ndipo aliyense anaimba m'chilankhulo chake.

Nyimbo ili mkati, kunatulukira msilikali watsopano wa pachipata, pepala lili m'manja. Analiza wezulo kuti onse akhale chete. Anawerenga kuti pofuna kukhazikitsa bata, akuluakulu alamula kuti akaidi awiri asamutsidwire ku ndende ina ya kutali, kumene alendo safikako kawirikawiri. Galimoto inyamuka mawa m'mawa.

Anatchula nambala yoyamba. Inali ya Nachikwama.

Make Mapasa anamufinya dzanja.

Anatchula yachiwiri. Bwalo lonse linatembenukira kukhomo la chipinda chochapira. Azakhali anavula epuloni pang'onopang'ono, anaipinda bwinobwino, n'kuikoleka pa msomali. Kenako anayenda mpaka pamene panaima anayi aja.

"Usadandaule, mwana wa mchimwene wanga," anatero mokoma. "Ulendowo ndi wa maola khumi, ndipo amamanga awiriawiri unyolo umodzi. Ticheza bwino."

Nachikwama anawayang'ana m'maso osaphethira. Anapisa m'malaya, anatulutsa kalata ija n'kuiika m'dzanja la Make Mapasa.

"Anesi akabwera, uwapatse," anatero. Kenako anatembenukira Azakhali. "Mundipeza pagalimoto. Panopa tapatukani, sitinamalize kupemphera."

Azakhali anapatuka, koma sanapite kutali. Anakhala pa sitepe ya holo, manja pa maondo, akudikira kuti nyimbo ithe.